Zimene ndinaphunzira poika Chichewa mu pulogalamu ya Django

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikulemba pulogalamu yosunga kaundula wa mabuku obwerekedwa pa laibulale yaing'ono ya pasukulu ina. Ndikugwiritsa ntchito Django, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti, chomwe chinalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha Python ndipo chinatulutsidwa poyera mu 2005. Mu pulogalamu yotere masamba amakonzedwa pa seva (kompyuta imene imayendetsa pulogalamuyo) n'kutumizidwa kwa wowerenga ali okonzeka kale, choncho seva imayenera kudziwa chiyankhulo chimene munthu akufuna tsambalo lisananyamuke. Amayi amene amayang'anira laibulaleyo atandipempha kuti pulogalamuyo izitha kuoneka m'Chingerezi komanso m'Chichewa, ndinavomera msanga poganiza kuti sabata imodzi ikwana, koma ntchitoyo inandibweza ku malamulo a chiyankhulo amene ndinawasiya ku sekondale.

Mbali ya makina siinandivute kwenikweni. Django imadalira GNU gettext, njira yakale yomasulira mawu a m'mapulogalamu yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1995. Mawu aliwonse amene wowerenga adzawaone mumawaika chizindikiro mu pulogalamu, kenako lamulo la makemessages limawasonkhanitsa onse mu fayilo ya .po, momwe chiganizo cha Chingerezi chimakhala pa mzere wa msgid ndipo womasulira amalemba chake pa mzere wa msgstr. Mukamaliza, compilemessages imasandutsa fayiloyo kukhala ya .mo, yomwe seva imawerenga mofulumira. Chizindikiro cha chiyankhulo chathu mu ISO 639-1, mndandanda wa zizindikiro za ziyankhulo za padziko lonse, ndi ny, kuchokera ku dzina lakuti Chinyanja. Pa mndandanda wa ziyankhulo zimene Django imabwera nazo Chichewa sichinalipo, motero ndinachita kuchiwonjezera ndekha.

Cholakwa changa choyamba chinali pa mafomu. Mitu ya masamba inkasintha bwinobwino ndikasankha Chichewa, koma mawu a pa fomu yolembetsa wophunzira watsopano ankangokhalabe m'Chingerezi. Nditafufuza kwa masiku awiri ndinapeza kuti mawu amenewo amawerengedwa kamodzi kokha, seva ikamadzuka, nthawi imene palibe munthu amene wapempha tsamba, ndiye gettext inkawamasulira m'chiyankhulo cha poyambira n'kuwasunga choncho. Mankhwala ake ndi gettext_lazy, yomwe imadikira mpaka mawuwo akafunika kuonetsedwa. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti pa seva chiyankhulo chimasankhidwa pa pempho lililonse palokha, chifukwa anthu awiri akhoza kutsegula tsamba limodzi pa mphindi imodzi, wina m'Chichewa wina m'Chingerezi.

Posankha chiyankhulocho, LocaleMiddleware, mbali ya Django yogwira ntchito imeneyi, imayamba kuona ngati adiresi ya tsamba ili ndi chizindikiro monga /ny/, kenako imaona cookie (kachizindikiro kosungidwa pa foni kapena kompyuta ya wowerenga), kenako Accept-Language, uthenga wonena chiyankhulo chimene munthu anatchera, umene browser (pulogalamu yotsegulira masamba) imatumiza, ndipo zonsezi zikalephera imatenga chiyankhulo cha poyambira. Mafoni onse amene ndinayeserapo, a aphunzitsi ndi a abale anga omwe, anali otchera pa Chingerezi ngakhale eni ake amayankhula Chichewa tsiku lonse. Kudalira Accept-Language kukanachititsa kuti Chichewacho asachione aliyense. Ndinaika chizindikiro mu adiresi komanso batani loonekera pamwamba pa tsamba lililonse, ndipo ubwino wina wa njirayi ndi wakuti munthu akatumizira mnzake adiresi pa WhatsApp, mnzakeyo amatsegula tsamba m'chiyankhulo chomwecho.

Vuto limene linandiphunzitsa zambiri linabwera pa uthenga waufupi umene umaoneka wophunzira akabweza zimene anabwereka. M'Chingerezi ndinali nditalemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mipata iwiri, wina wa nambala ndi wina wa dzina la chinthu, ndipo mneni wake sankasintha kaya chabwezedwa n'chiyani. Laibulaleyo imabwereketsa mabuku, nyuzipepala, zimbale ndi timabuku ting'onoting'ono ta mayeso. Nditafika pa mzere wa msgstr ndinaona kuti palibe mneni mmodzi amene angakwane zonsezi. Buku limodzi labwezedwa, mabuku atatu abwezedwa, nyuzipepala imodzi yabwezedwa, chimbale chimodzi chabwezedwa, zimbale ziwiri zabwezedwa, kabuku kamodzi kabwezedwa, timabuku titatu tabwezedwa. Magulu a mayina aja tinkaloweza m'kalasi, Li-Ma, I-Zi, Chi-Zi ndi Ka-Ti, anali atandipeza pa kompyuta, ndipo agwirizanitsi awo sankalola kuti dzina lilowetsedwe mu mpata ngati njerwa pa khoma.

Chida chimene gettext ili nacho pa nkhani ya chimodzi ndi zambiri ndi ngettext, yomwe imasankha chiganizo potengera nambala. Chidachi n'champhamvu ndithu, moti Chiarabu chimagwiritsa ntchito mitundu isanu ndi umodzi ya kuchuluka, pamene Chichewa chimangofuna iwiri ngati Chingerezi. Koma ngettext imangodziwa nambala, gulu la dzina silidziwa. Ndinayesa kuzemba polemba kuti "Zinthu 3 zabwezedwa", koma amayi aja anakana, ponena kuti iwo amafuna kuona pomwepo ngati mwana wabweza buku kapena nyuzipepala, ndipo ankanena zoona. Ndinayesanso kalembedwe kakuti "Zobwezedwa: mabuku 3", komwe kamagwira ntchito mu tebulo koma kamamveka kouma pa uthenga wopita kwa munthu. Pamapeto pake ndinabwerera ku pulogalamu yeniyeniyo n'kuphwasula chiganizo chija, kotero kuti mtundu uliwonse wa chinthu uli ndi ziganizo zake zathunthu, cha chimodzi ndi cha zambiri. Ntchito ya womasulira inachuluka, koma Chichewa chake chinayamba kumveka ngati cha munthu. Nambala ikakhala 0 ndinalemba chiganizo chapadera chakuti "Palibe buku limene labwezedwa", chifukwa palibe Mchewa amene anganene kuti mabuku 0 abwezedwa.

Mipata yonse ndinaipatsanso mayina m'malo modalira ndondomeko yake, popeza Chingerezi chimaika nambala patsogolo pa dzina pamene ife timati mabuku 3, nambala pambuyo. Mpata ukakhala ndi dzina, womasulira amakhala ndi ufulu wousuntha.

Liwu la Chingerezi lakuti Open linali pa batani lotsegulira kaundula komanso pa chikwangwani chosonyeza kuti laibulale ikugwira ntchito. Fayilo ya .po inaliona ngati liwu limodzi, ndiye chikwangwanicho chinkalamula kuti "Tsegulani" m'malo monena kuti "Ndi yotsegula". Ndi pgettext ndinapatsa liwu lililonse kafotokozedwe ka malo ake, ndipo linagawika pawiri. Pa mabatani onse tinagwirizana kugwiritsa ntchito mawu aulemu monga "Sungani" ndi "Lowani", ngakhale ambiri owerenga ndi ana, chifukwa aphunzitsi nawonso amadina mabatani omwewo. Chilembo cha ŵ sichinavute konse popeza zonse zili mu UTF-8, njira yosungira zilembo imene imadziwa zilembo zotere.

Chizolowezi china chimene ndachiphunzira n'chakuti ndikasintha liwu limodzi lokha la Chingerezi, makemessages imaika chizindikiro cha fuzzy, chosonyeza kukayikira, pa kumasulira kwakale, ndipo chiganizo chotero sichilowa mu fayilo ya .mo mpaka munthu atachionanso. Tsopano ndisanatumize chilichonse ku seva ndimatsegula fayiloyo mu Poedit, pulogalamu yokonzera mafayilo a .po, limodzi ndi amayi aja, iwo n'kumawerenga mokweza chiganizo chilichonse chimene chasintha. Sabata ino tikumasulira mauthenga a Django yeniyeniyo, monga uja wouza munthu kuti wasiya mpata wofunika pa fomu, pamodzi ndi mayina a masiku, kuti tsiku lobwezera buku lizioneka kuti Lolemba kapena Lachisanu.