Mipando inayi ya Léon Nicole

Mtima wakhala pansi tsopano, ndamvetsa chomwe chinagwetsa boma la Léon Nicole, mtsogoleri wa asosholisiti ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Za pa 9 Novembala 1932 zinali izi: asilikali kuwombera anthu otsutsa msonkhano wa Georges Oltramare, mtsogoleri wa gulu lachifasisiti, ku Plainpalais, dera la mumzinda wa Geneva, anthu 13 kufa, Nicole kulamulidwa kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Chondizunguza mutu chinali ichi: munthu amene anthu anamukweza kukhala mtsogoleri wa boma la Geneva mu 1933, wangotuluka kumene m'ndende, anagwa bwanji pofika 1936?

Yankho lagona pa zisankho ziwiri. Ku Geneva nduna zimasankhidwa pazokha, aphungu paokha. Mu Conseil d'État, bungwe la nduna, asosholisiti anatenga mipando inayi mwa isanu ndi iwiri, koma mu Grand Conseil, nyumba ya aphungu, anali ndi 45 yokha mwa 100. Nicole anagwira chiwongolero, mafuta ali ndi ena. Bajeti imayenera kudutsa kwa aphungu omwewo amene sankamufuna. Ndondomeko yake ya misonkho ovota anaikana. Mabanki anaumira ngongole, chuma chili chogwa kale, mpaka boma loimira ogwira ntchito linadula malipiro a antchito ake omwe. Mipando inayi ija sinali mphamvu yonse ayi, ndipo ukangogwira pamenepa zina zonse zimamasuka zokha.

Njira yomwe yandithandiza kumvetsa izi ndi pepala la mizati itatu: chaka, chipani chomwe munthu ali, ndi amene wagwira ndalama kapena lamulo nthawi imeneyo. Kwa ine palibe njira ina yoposa iyi pa mbiri ya ndale. Aphunzitsi ambiri amangotiloweza zaka ngati ndakatulo, osanena kuti nduna ndi aphungu angachokere mbali zosiyana, kenaka nthawi yatha, mayeso afika. Zimawawa, chifukwa mfundoyi mphindi khumi zikanakwana kuifotokoza.

Pepala lomwelo likuonetsa njira ya Nicole yolowera ku chikomyunizimu. Mu 1939 asosholisiti anamuchotsa poikira kumbuyo pangano la Germany ndi Soviet Union. Chipani chomwe anayambitsa chinaletsedwa mu 1941, iye n'kutaya mpando wake m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Bern. Mu 1944 anakhala mtsogoleri wa Parti suisse du Travail, chipani cha ogwira ntchito chotsatira chikomyunizimu.

Pa 1952 mpamene mizati yanga ikulephera. Chipani chakechi chinamuchotsanso atasemphana ndi anzake pa nkhani yoti Switzerland isamatenge mbali. Kodi kunali kuuma mutu, kapena kukhulupirika pa zomwe ankaona kuti n'zoona? Ndimati ndikatsamira uku, mawa lake ndabwerera uko.