Sabata ya chisanu m'njira za ku Dedza

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo oyenda pansi, ndipo mwezi wa Julaye ndi umene amabwera ambiri. Njira zimakhala zouma, koma chisanu cha kuno nchosasewera nacho.

Lolemba ndinali ndi alendo anayi ochokera ku Lilongwe. Tinanyamuka pa boma 6 koloko m'mawa, chifunga chitakuta mapaini onse. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200, koma poti tauni yathuyi ili kale pamtunda, chokwera chenicheni ndi mamita ngati 600. Ndimawauza kuti tiyende pang'onopang'ono, chifukwa woyamba ndi liwiro ndi amene amakhala pansi tisanafike pa nsanja za wailesi. Dzuwa litabalalitsa chifunga tinaona midzi ya ku Mozambique, ndipo chakum'mawa nyanja inkaoneka ngati kansalu kotuwa.

Lachiwiri kunalibe mlendo. Ndinachapa, n'kukasoketsa nsapato.

Lachitatu ndi limene silikuchoka mumtima mwanga. Ndinapita ndi banja lina ku Chentcherere, amodzi mwa malo 127 a zojambula pamiyala a m'dera la Chongoni, lomwe bungwe la UNESCO linalilemba m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zija, za mizere ndi timabwalo, anajambula Akafula, alenje amene ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za Achewa, zopaka dongo ndi chala, ndipo zimanena za chinamwali ndi za nyau. Za chinamwali sindimasulira zonse. Eni ake ndi anamkungwi, ine mwamuna ndimangoloza.

Titalowa pansi pa thanthwe ndinapeza dzina lolembedwa ndi khala, pamwamba penipeni pa chojambula choyera. Mwezi watha panalibe. Kamtsikana ka banjalo kanafunsa, "Ankolo, ichinso nchakale?" Ndinati ayi. Bambo ake anatsegula botolo la madzi kuti atsuke, ine n'kuwagwira mkono. "Pepani bambo, musatero. Madziwo achotsa khala pamodzi ndi dongo." Ndinajambula pa foni kuti ndikaonetse osamalira malowa.

Pobwerera ndinapeza anyamata akudyetsa mbuzi. Sindinawafunse amene walemba. Ndinangofunsa ngati wina anawauzapo kuti zoyerazo anajambula makolo awo. Mmodzi anati, "Ife timangoona magalimoto akubwera, achimwene." Zinandiwawa kwambiri. Mlendo wochoka ku Germany amafika atawerenga kale za thanthweli, pamene mwana wobadwira m'tsinde mwake palibe anakhala naye pansi. Nanga tizidabwa akalitenga ngati bolodi la kusukulu?

Lachinayi tinayamba ulendo umene ndimaukonda kuposa onse, wotsika ku Bembeke kupita ku Mua ndi alendo awiri. Mumayamba pakati pa minda ya mbatatesi ndi kabichi mutavala majuzi awiri, koma pofika kunsi, kumene milambe yayambira, thukuta lili kamukamu. Chitsetserekocho chimadya maondo, ndiye aliyense ndimamudulira ndodo. Mudzi uliwonse timaima n'kupereka moni, pakuti njirazi ndi za eni ake, zopitira kumunda ndi kuchigayo. Ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, alendo anathera madzulo onse mu Chamare Museum akuyang'ana zigoba za gule wamkulu.

Lachisanu tinadutsa ku Mtakataka mpaka kunyanja. Tinayenda pamchenga nsapato zili m'manja, usipa uli mbuu pa thandala, asodzi akusoka maukonde pamthunzi. Pa doko la amayi ndinawapempha kuti makamera alowe m'chikwama, ndipo sanavute.

Loweruka ndinakwera kabaza kubwerera ku Chentcherere, wopanda mlendo. Anyamata aja anabwera asanu ndi mmodzi, wina atatenga mlongo wake. Mbuzi tinazisiya kumunsi, ndipo tinayambira pa zofiira.