Chala Chakhumi cha ku Himeji

Tsiku lopita ku Himeji, mzinda wa ku Japan, ndinalawirira kupukuta nsapato zanga zakuda mpaka zinayamba kuonetsa nkhope, ndipo ndinavala suti imene ndinkasungira tsiku lolandira satifiketi, poti ndinamva kuti tikupita kunyumba ya mafumu. Masokosi okha ndiwo sindinawalabadire. Ndinaona ndithu kuti sokosi yakumanja inali yobooka pachala chachikulu, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti za m'kati mwa nsapato amazidziwa ndi mwini phazi.

Tinali pa maphunziro a milungu ingapo ku Kobe, m'nyengo yozizira ya Januwale, ine ndi mkulu wina wakwathu amene ndinkamulemekeza ngati achimwene anga. Ulendo wa pasitima sunakwane ola limodzi. Munthu ukangotuluka pasiteshoni ya Himeji, linga limaonekera kumapeto kwa msewu wa Otemae-dori, litakhala paphiri, loyera mbee, moti sudabwa ukamva kuti eni dziko amalitcha Linga la Kakowa Woyera. Gogo wina wodzipereka kuonetsa alendo malowo anatifotokozera kuti nsanja yaikulu inamalizidwa mu 1609 ndi mfumu yankhondo Ikeda Terumasa, kuti mabomba a mu 1945 anatentha mzinda koma lingalo linatsala chilili, ndiponso kuti chivomezi cha mu 1995 chimene chinagumula Kobe sichinaligwetse. Ine ndinkangogwedeza mutu mwaulemerero, manja kumbuyo, ngati nduna yodzayendera chitukuko.

Njira yopita kunsanja ndi yokhotakhota mwadala, kuti adani azisochera uku akulasidwa kudzera m'timabowo ta m'makoma, tina tozungulira, tina tamakona atatu, tina tamakona anayi. Ndinaseka pomva zimenezi, osadziwa kuti msampha wa ine unali pakhomo penipeni, pamene mayi wina waulemu ankagawira aliyense jumbo n'kumaloza kumapazi. M'nsanjamo salowamo ndi nsapato. Umavula, umaziika m'jumbo, n'kuzinyamula wekha mpaka pamwamba.

Ndinatembenukira kukhoma ngati ndikuchita chidwi ndi miyala, ndipo ndinakoka sokosi ija n'kupanira bowolo pakati pa zala. Nzeru imeneyi imagwira ntchito ngati munthu waima, koma ine ndinali ndi nsanjika zisanu ndi imodzi zoti ndikwere, pakuti nsanjayo kunja imaoneka ngati ya nsanjika zisanu pamene m'kati muli zisanu ndi imodzi, osawerengera chipinda chapansi. Makwerero ake ndi amatabwa, otsetsereka ngati okwerera m'nkhokwe, osalazidwa ndi mapazi a anthu osawerengeka, ndipo amene ali pambuyo pako maso ake amakhala pa phazi lako ndendende. Pambuyo panga panali ana asukulu ovala zipewa zofanana.

Ndinapirira nsanjika ziwiri ndikuyenda ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Pa yachitatu zala zinachita dzanzi ndi kuzizira kwa matabwa, zinataya sokosi, ndipo chala chachikulu chinasuzumira kunja ngati fulu wotuluka m'chigoba. Mwana wina anachiloza n'kunong'oneza mnzake, uthengawo n'kutsika makwerero onse. Mvula ikakuona litsiro sikata: ndikuweramira chala chija, ndinadzuka mofulumira n'kuwomba mutu pamtanda wa denga, umene unaikidwa ndi anthu amene sankayembekezera mlendo wamtali ngati ine. Jumbo inapulumuka m'manja, ndipo nsapato zanga zonyezimira zinatsika makwerero, gu gu gu, iliyonse njira yake.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ulemu wa anthuwo. Akanaseka, nanenso ndikanaseka, nkhani n'kutha. Koma nsapatozo zinabwerera pamwamba mopatsirana, aliyense akuzilandira ndi manja awiri, akuwerama, ndipo womaliza anandipepesa ngati kuti ndiye anazigwetsa. Ndinafika pa nsanjika yomaliza, pamene pali kachisi wamng'ono wa Osakabe ndi mawindo oonetsa mzinda wonse, koma ine ndinauona mzindawo nditaponda phazi lakumanja ndi lakumanzere ngati kakowa weniweni.

Potsika, nsapato zili kuphazi, gogo uja anatiimitsa pachitsime cha Okiku. Anatisimbira nthano yakuti mtsikana wantchitoyo ananamiziridwa kuti wataya imodzi mwa mbale khumi zamtengo wapatali, anaphedwa n'kuponyedwa m'chitsimemo, ndipo usiku mzimu wake umamveka ukuwerenga mbale kuyambira imodzi mpaka zisanu ndi zinayi, kenaka n'kulira chifukwa yakhumi siikuoneka. Tonse tinakhala chete. Ndiye achimwene aja, amene sanayankhule kanthu m'nsanja monse, anandiyandikira n'kunena m'chinenero chathu, nkhope ili duu: "Mphwanga, inuyo zanu n'zosiyana. Zisanu ndi zinayi ndizo zinabisala, chakhumi tachiona tonse."

Madzulo tinkayenera kukwera phiri la Shosha pa kangolo koyenda pachingwe, kukaona kachisi wa Engyoji amene anakhazikitsidwa mu 966, ndipo nditafunsa ndinauzidwa kuti kumenekonso amavula nsapato. Ndinathamangira m'sitolo ina ya zinthu zogula alendo, ndinaloza masokosi akuda amene anali m'pepala, ndinalipira osafunsa mtengo, n'kukavala kuseri. Anali masokosi achijapani otchedwa tabi, amene amasokedwa ndi mphanda kuti chala chachikulu chikhale m'kathumba kakekake, chopatukana ndi zinzake. Nditavula nsapato pakhomo la kachisi, chala chomwe chija chinaimanso pachokha, chitavala bwino tsopano, ndipo achimwene anachiyang'ana kwa nthawi ndithu asanandifunse ngati ndachimangira nyumba yakeyake chifukwa cha kutchuka.