Would be yanga inagoneka malume pa Wenela

Ine ndikubwereza MSCE chaka chino, English ndi imene inandigwetsa ndipo mukudziwa kuti popanda iyo setifiketi palibe. Ndiye madzulo ndimapita ku open school. Sabata ija aphunzitsi anatipatsa reported speech ya future progressive, akuti munthu akanena "I will be sleeping here tomorrow" iwe pouza wina uziti he said that he would be sleeping there the following day. Will asanduke would, be ndi -ing osazikhudza, tomorrow akhale the following day. Ndinaloweza mpaka kumabwereza ndekha kubafa.

Lachinayi usiku malume anaimba ali pa Beitbridge, akuchokera ku Joni, ndipo iwowo akakhala m'basi amakonda chizungu kuti oyandikana nawo amve. "I will be arriving at Wenela tomorrow evening, uwauze anti ako apeze galimoto, ndanyamula filiji." Ine mumtima ndinati eya, homuweki yabwera yokha.

Bandulo inali itatha ndiye uthenga ndinatumiza Lachisanu m'mawa. M'malo mongolemba kuti anti, malume afika lero madzulo, ndinalemba mwachidwi ndithu: Uncle said that he would be arriving at Wenela the following evening. Ndinawerenga kawiri kuona ngati pali cholakwika, panalibe ngakhale kadontho.

Kumeneko ku Ndirande uthenga unachita kukhalirana msonkhano. Mwana wawo wa Fomu 2 anati following ndi mawa, ndiye Loweruka. Bambo oyandikana nawo nyumba, amene amati anagwirapo ntchito kwa azungu, anati ayi would ameneyu ndi akanabwera, ndiye kuti ulendo walephereka. Anti anapita kukwaya mtima uli m'malo.

Malume anatsika Lachisanu lomwelo usiku, foni itazima kalekale ku Tete, m'thumba muli ma rand okhaokha. Anagona pa depoti atatsamira filiji, zikwama zitatu atazimangirira ku mwendo, udzudzu ukuwalandira bwino kumudzi.

Loweruka ndinaitanidwa. Ndinayesa kudziteteza, "Malume, komatu galamala yake ndi yolondola, ndi mmene atiphunzitsira." Anandiyang'ana ndi maso ofiira aja osayankha. Pambuyo pake ndi pomwe aphunzitsi anandiuza, akuseka mpaka misozi, kuti tsikulo likakhala lisanadutse umatha kusiya will momwemo n'kungonena this evening. Bwanji osanena zimenezo poyamba?

Kubwerera pa Loweruka paja, malume anatsegula chikwama n'kutulutsa nsapato za Adidas zimene anandigulira, saizi yanga yeniyeni, n'kupatsa mwana wa Fomu 2 uja. Kenako anati, "You will be walking barefoot this year."

Anti anali kukhitchini, anafuula, "Akuti chani amalume ako?"

Pakamwa panatseguka pokha. "He said that I would be walking..."

Silipasi inandipeza pakhutu ndisanafike pa that year.