Alamu, kompulesa ya thanki ija idikire kaye

Sabata yatha mlamu wanga wa ku Ngabu anandiimbira kuti wapeza kagalimoto ka Sienta ndiye akufuna akwere ku Limbe akagule bokosi la zida lija lonyezimira, lodzadza masipanala amitundumitundu, kuphatikizanso kompulesa ya thanki ngati ya kugalaja. Ndinangoti alamu ndalamazo zigwireni kaye, mumve zomwe zinandionekera ine.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno ku Chigwa mukulidziwa, madigiri kumapitirira 40, ndikuchokera kumunda pa msewu wafumbi kuseri kwa Nchalo, tayala lakumbuyo la Probox yanga linabayidwa ndi munga wa mthethe. Sindinade nkhawa poti ndinali ndi kapampu kapulasitiki kolowetsa pa laitala (soketi yoyatsira fodya ya m'galimoto) kaja. Kanalira mphindi zochepa, paipi kutentha osagwirika, kenako zii, fyuzi yapsa tayala lisanadzuke n'komwe. Ndiye ndati basi ndiike sipeya, koma manati anali omangidwa ndi mfuti ya mpweya ya kugalaja ija, wilo sipanala yobwera ndi galimoto ndi yaifupi, ndinaipondera ndi phazi inaterereka mpaka nati imodzi kutha makona. Jeke nayo imangomira mumchenga. Anandipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza yemwe anathamanga kukabwereka paipi yachitsulo ndi thabwa m'mudzi, ine nditakhala pamthunzi thukuta lili kamukamu, mayi a kunyumba akuimba foni kufunsa ngati ndili bwino.

Kuyambira tsiku limenelo ndimagula chida chimodzichimodzi koma cholimba. Galimoto zathu zochokera ku Japan zi, makamaka Toyota, mabawuti ake ambiri ndi 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, manati a matayala 21. Sayizi 13 ija imene imapezeka m'bokosi lililonse mutha kutha chaka osaigwira. Pa bokosi sipanala sankhani ya makona 6 mkati osati 12, imagwira nati mbali zonse ndipo siidya makona ngati yachita dzimbiri, paja galimoto zathu kuno nthawi ya dzinja zimawoloka madzi ndi matope, pansi ponse dzimbiri lokhalokha. Muone ngati palembedwa Cr-V, kutanthauza mtundu wa chitsulo cholimba, komabe zolemba zokha musazikhulupirire, iikeni pa bawuti muone ngati sikugwedera. Shifiting'i ndili nayo koma pa nati yolimba sindiiyandikitsa, imawononga. Pulayala, sikuludiraiva ziwiri, wilo sipanala yamtanda, thabwa lochindikala loika pansi pa jeke, zakwana. Chinthu chimene sindinyengerera ndi masitandi, zitsulo zochirikiza galimoto ikakwezedwa ndi jeke. Munthu asalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa, chonde abale, njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Tsopano za kompulesa. Ya thanki ya malita 24 kapena 50 ndi yabwino ndithu, imapopa msanga, imauzira fumbi, koma imafuna magetsi a m'nyumba a 230V ndipo mukukumbukira mdima tinauona namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Komanso tayala siliphwera pakhomo, limaphwera pakati pa Bangula ndi Nsanje kapena pa zitunda zokwera ku Blantyre zija. Ndipo ngati cholinga ndi mfuti yomasulira manati, iyo imafuna mpweya wa ma bar 6 wosadukiza, ka thanki ka 24 kamatha msanga n'kumadikira kadzadze. Muzikumbukiranso kutsegula kampopi kapansi tsiku lililonse mukaigwiritsa ntchito, madzi amasonkhana m'thanki n'kuidya mkati.

Ine ndinagula pampu ya 12V yachitsulo, yopanira pa batire penipeni osati pa laitala, chifukwa fyuzi ya laitala nthawi zambiri ndi 10 kapena 15 amps basi pomwe pampu yamphamvu imakoka kuposa pamenepo. Popopa injini izilira, ndipo pampuyo ndimaiika pamthunzi wa galimoto, ikatentha ndimaipumitsa. Ndinagulanso geji yoyezera mpweya yapayokha ndi tizingwe tomatira tayala la chubulesi tija, munga ukabaya pakati ndimamata pomwepo osachotsa tayala, koma m'mbali ayi, limenelo ndi lotaya.

Mpweya yezani m'mawa matayala asanatenthe, mulingo wake walembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Masana pa tala wa M1 geji imakwera yokha, ndaonapo anthu akuphwetsa tayala pamenepo poopa kuphulika, musatero, likazizira limatsala lofewa ndipo tayala lofewa ndi limene limatentha kwambiri.

Mlamu uja wavomera, Loweruka tikwera limodzi kukasankha pampu ndi masitandi. Ine ndikusunga ndalama ya toki renchi, sipanala yoyeza kulimba kwa nati pomanga, manati a Probox amafuna 103 Nm ndipo ndikufuna ndizimanga ndekha ndi mulingo wake.