Masau ndi kapeti ya pabalaza, pamene tafika

Anzanga oweta akalulu m'nyumba, ndabwera ndi nkhani ya Masau, kalulu wanga wamkazi amene wakhala akukumba kapeti. Ndimakhala kuno ku Nchalo, akalulu ndili nawo awiri, Masau ndi Sikono wamwamuna yemwe ndinamugula ali wofula kale, ndipo onse amagona m'nyumba chifukwa panja pali agalu a anthu komanso njoka. Kapetiyo ndi mphatso ya paukwati yochokera kwa azakhali anga ndiye mukumvetsa chifukwa chake mtima unkandiwawa ndikaona ulusi uli mbwee pansi.

Sepitembala

Ankakumba malo amodzi basi, pakona kuseri kwa sofa, nthawi yakenso imodzimodzi, m'bandakucha ndi madzulo dzuwa likapendeka. Akalulu ndi momwe alili, masana amangogona. Amayamba kupalasa ndi miyendo yakutsogolo mofulumira kwambiri, kenako amakankha ngati pali dothi loti achotse, akaona kuti sizikutheka amaluma ulusi n'kukoka ndi mutu wonse mpaka kapeti kutukuka.

Chimene chinandiopsa kuposa bowolo ndi manyi ake. Tsiku lina ndikusesa ndinapeza timibulu tolumikizana ndi ulusi wofiira ngati mikanda, kutanthauza kuti wina ankameza. Kalulu sasanza abale, chimene chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo, ndipo ulusi wa nayiloni ukhoza kutseka matumbo. Mukaona kalulu wasiya kudya komanso sakuchita chimbudzi kwa maola 12, musadikire mawa, pitani naye kwa dotolo wa ziweto. Kapeti ndinaipinda tsiku lomwelo n'kuiika pamwamba pa wodilopu.

Malangizo ndinalandira ambiri. Ena akuti waza tsabola pakonapo, ena akuti um'menye kamodzi asiya. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Bangula anandiuza mwachikondi kuti "inu apongozi, nyama imeneyi malo ake ndi m'khola, mukuzivutitsiranji?" Ndinawamvetsa ndithu, kumudzi kalulu ndi ndiwo komanso ndalama ya fizi. Koma tsabola ndinakana chifukwa mphuno ndi maso a kalulu sizichedwa kupweteka, kumenya ndiye ayi, msana wake ndi wosalimba ndipo akayamba kukuopa zimatenga nthawi yaitali kuti akukhulupirirenso.

Komanso kukumba si mwano. Akalulu oweta awa makolo awo ndi a ku Spain ndi Portugal ndipo kumeneko amakhala m'mauna, okumba kwambiri amakhala aakazi chifukwa ana awo amabadwa opanda ubweya, maso otseka, amafunika kubisidwa pansi. Ndi osiyana ndi kalulu wathu wakutchire uja timamuona cha ku Lengwe, amene amangobisala pa udzu ndipo ana ake amabadwa ndi ubweya, maso ali otsegula. Ndichifukwa chake Sikono alibe nazo ntchito za kapeti pamene Masau zili m'magazi.

Okutobala

Mwezi uno ndi umene wandiphunzitsa zambiri. Amene munakhalapo ku Chikwawa kapena ku Nsanje mukudziwa kuti Okutobala wa kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, malata amachita kulira masana, usiku anthu timagona pakhonde. Kalulu amayamba kuvutika kukangofika cha m'ma 30, satuluka thukuta, kutentha amachotsera makamaka m'makutu.

Nditayesa kubwezera kapeti masana ndili pomwepo, ndinakhala chete kumuyang'ana. Anapalasa, anakoka, mpaka anaipinda kona ija, simenti itaonekera anangodzigwetsa pomwepo, mimba pansi, miyendo yakumbuyo tambalale, makutu ali ofiira mitsempha ikuoneka, mphuno ikugunda mofulumira. Sanapitirizenso kukumba. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mwezi uno mwanayu akufuna pozizira, ndipo konayo ndi ya khoma limene silimawombedwa dzuwa. Akanakhala kutchire bwenzi atalowa pansi pomwe dothi limazizira.

Ndiye ndinamupangira pokumba pake. Ndinatenga beseni lalikulu lochapira lija, n'kuthiramo dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kuya kwake kuposa chikhatho. Mchenga wokha si wabwino, fumbi lake limamuyetsemulitsa ndiponso una sugwira. Chenjezo kwa a kuno kuchigwa, dothi musakatape m'munda wa thonje kapena m'mbali mwa minda ya nzimbe, mumapoperedwa mankhwala. Langa ndinayamba ndaliyanika padzuwa pa lata lakale kuti nyerere ndi tizilombo tina tithawe. M'mawa uliwonse ndimawaza timadzi pang'ono, kungoti lizizire, osati matope.

Pamwamba pa beseni ndinavindikira katoni yaikulu ya kugolosale yoboola mbali ziwiri. Mabowo awiriwo ndi ofunika, kalulu sakonda kulowa malo amene alibe kothawira, ndipo katoniyo imathandizanso kuti dothi lisamwazike pabalaza ponse, ngakhale kusesa ndiye ndimasesabe tsiku ndi tsiku. Masiku oyamba ankangonunkhiza n'kudutsa. Nditayamba kukwirira kholowa ndi timapesi ta mapira m'dothimo, madzulo ena ndinangomva phokoso m'katoni, kusuzumira ndinapeza mutu uli pansi dothi likuuluka kumbuyo, atatuluka mphuno yonse ili bii. Ndinasangalala kwambiri mpaka ndinawaitana bambo a kunyumba kuti adzaone.

Pakona paja ndinayalapo matailosi awiri otsala kwa aneba amene ankamanga, n'kutsamiritsa njerwa m'mphepete mwa kapeti kuti asapeze poyambira. Panopa ndi pamene amagona masana, onse awiri. Botolo la madzi oundana lokulunga m'kansalu limathandiza, koma magetsi akazima firiji ilibe ntchito, ndiye chimene chandipulumutsa ndi mtsuko wadothi wodzaza madzi, kunja kwake kumazizira tsiku lonse ndipo Masau amautsamira. Kukatentha koopsa ndimanyowetsa dzanja n'kumusisita makutu. Kumusambitsa thupi lonse ayi, amachita mantha kwambiri ndipo ubweya wake suuma msanga.

Za kuluma ulusi zinachepa ndi udzu. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse ndiye amafunika chotafuna nthawi zonse, mulu wa udzu waukulu ngati thupi lake patsiku. Nyengo ino udzu wauwisi ndi wosowa, ndimagula kwa anyamata amene amamweta kudimba, n'kuwonjezera masamba a nthochi ndi chisoso chikapezeka. Madeya ndinachepetsa, akakhuta madeya udzu amausiya. Ndinamugulira ndi kamkeka ka mlaza kotchipa kamene amakang'amba mmene akufunira, ka mlaza weniweni kopanda utoto kapena ulusi wa masaka.

Novembala

Kumayambiriro kwa mwezi zinabwerera. Anayamba kunyamula udzu kukamwa, kuzula ubweya wa pachifuwa, kulusa Sikono akayandikira, ndipo anakankha njerwa ija n'kuyambanso kapeti. Bere analibe. Kalulu wamkazi akakweredwa ngakhale ndi wofula thupi lake limatha kuganiza kuti ali ndi bere, zimatenga masiku 16 mpaka 18 kenako zimatha zokha, pamene bere lenileni ndi masiku pafupifupi 31. Chisa chimene anamanga m'katoni sindinachiphwasule chifukwa ukachotsa amangozula ubweya wina. Kapeti ndinaipindanso mpaka mtima wake utakhala pansi, kenako anachisiya yekha chisacho.

Zimenezi zandipangitsa kuganiza zokamuchotsa chiberekero. Zimachepetsa kukumba kwa zisa ndi ukali, komanso akalulu aakazi akamakula ambiri amadwala khansa ya chiberekero. Opaleshoni yake ndikufuna ikachitikire ku Blantyre kwa dotolo wozolowera akalulu, koma kukwera naye minibasi kudutsa pa Thabwa ndi zitunda zija kutentha kuno sindingayerekeze, ndidikira Juni kukazizira ndipo tidzanyamuka m'mamawa. Amene mukuganiza zomwezi, kalulu samusalitsa chakudya asanalowe opaleshoni ngati galu, matumbo ake sayenera kuima.

Pamene tili lero, kapeti imakhala yoyala masana onse ndipo Masau amaidutsa kupita ku beseni lake osaikhudza. Usiku ndimaipindabe chifukwa m'bandakucha ndimakhala ndili m'tulo. Zikhadabo ndikumawenga nsonga zokha kuti zisamakole mu ulusi. Bowo lija atelala a pamsika analisoka n'kuzungulizira nsalu yolimba m'mphepete monse, azakhali sanabwere kudzaona koma ndidzawafotokozera ndekha.

Chimene ndikuyang'anira tsopano ndi mvula. Chinyezi chikachuluka dothi la m'beseni silidzauma, ndipo kalulu wonyowa kumbuyo ntchentche zimamuikira mazira, mphutsi zake zimapha msanga kwambiri. Ndayamba kumuyang'ana pansi pa mchira m'mawa ndi madzulo, ndipo mvula ikakhazikika ndisiya kuwaza madzi, mwina dothi ndichotsemo ndiikemo udzu wouma ndi makoko a chimanga. Ngati alipo wa ku Ngabu, Bangula kapena Makhanga amene anadutsa dzinja ndi beseni la dothi m'nyumba, andiuze kuti ankasintha dothilo pakapita nthawi yaitali bwanji.