openssl s_client ikalemba CONNECTED, ntchito siinayambe

Anzanga amene angoyamba kumene kuyang'anira ma seva ali ndi chizolowezi chimodzi chomwe chimandisowetsa mtendere. Wina akadandaula kuti webusayiti kapena imelo ikuvuta, iwo amatsegula terminal, n'kulemba `openssl s_client -connect example.com:443`, command yoyesera TLS (njira yobisira uthenga pakati pa kompyuta ndi seva), akangoona mawu akuti CONNECTED basi akuyankha wodandaulayo kuti vuto lili kwake komweko. Koma mawu amenewa amangonena kuti port ndi yotsegula ndipo TCP yadutsa. Nkhani ya satifiketi, chiphaso chomwe seva imaonetsa kutsimikiza kuti ndi yeniyeni, imabwera pambuyo pake. Ndipo ikabwera, s_client siikana seva iliyonse: satifiketi kaya inatha chaka chatha, kaya anaisaina yekha mwini seva, kaya ndi ya dzina lina, iyo imalemba zomwe yaona n'kupitiriza kucheza ndi sevayo. Anaipanga dala choncho, kuti ikhale yofufuzira zolakwika. Choncho mukaisiya yopanda ma option, ikuyankha funso losiyana ndi lomwe foni ya kasitomala wanu ikufunsa.

Poyamba tizinthu tiwiri tochepetsa phokoso. Kumapeto kwa command ndimaika `</dev/null` kuti isamadikire kuti ndilembe kanthu, ndipo ndikafuna kungoona mwachidule ndimawonjezera `-brief`. Imeneyi imakupatsani mizere yochepa chabe: version ya TLS, cipher yomwe agwirizana, mwini satifiketi, ndi mzere wa Verification. Nthawi zambiri zimenezi n'zokwanira kudziwa kolowera.

Kolowera koyamba ndi dzina. Masiku ano IP imodzi imasunga mawebusayiti ambirimbiri, ndipo seva imadziwa satifiketi yoti ipereke chifukwa kompyuta yanu imatchula dzina lomwe ikufuna pa moni woyamba. Imeneyi ndi SNI. Zili ngati kugogoda pageti pa plot ya alendi ambiri osatchula amene mwamutsatira. Amatuluka ndi amene khomo lake lili pafupi ndi geti. Kuyambira OpenSSL 1.1.1, yomwe inatuluka mu Sepitembala 2018, s_client imatenga dzina la pa `-connect` n'kulitumiza yokha. Koma pa makina akale, monga CentOS 7 yomwe ili ndi 1.0.2 ndipo m'maofesi ambiri ikadalipo, siitumiza kanthu pokhapokha mutalemba `-servername example.com`. Mukaiwala, mudzaona satifiketi ya webusayiti ya eni ake n'kuyamba kukalipira anthu osalakwa.

Ine `-servername` ndimailemba ngakhale pa version zatsopano, chifukwa imandilola kulekanitsa komwe ndikulumikiza ndi dzina lomwe ndikufunsa:

`openssl s_client -connect 203.0.113.10:443 -servername example.com -brief </dev/null`

Apa ndikuyesa seva yatsopano DNS isanasinthidwe, kapena seva imodzi mwa zingapo zomwe zili kuseri kwa load balancer. Palinso `-noservername` yoonera zomwe amalandira kasitomala wosatchula dzina, ndi `-4` komanso `-6` zokakamiza IPv4 kapena IPv6. Ziwiri zomalizazi musazipeputse. Zimachitika kuti webusayiti yasamutsidwa, A record (adiresi ya IPv4 mu DNS) yasinthidwa, koma AAAA record (ya IPv6) ikuloza seva yakale. Inu muofesi zonse zikuyenda, wina amene netiweki yake ili ndi IPv6 akuona satifiketi yakutha.

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'choti s_client, ngakhale yatumiza dzina, siiona ngati satifiketi yomwe yabwera ndi ya dzinalo. Mutha kulandira `Verify return code: 0 (ok)` pa satifiketi ya kampani ina, malinga ngati inasainidwa bwino ndipo siinathe. Muyenera kuiuza ndi `-verify_hostname example.com`, ndipo dzina likapanda kufanana mudzaona nambala 62. Ndipo ngati command yanu ili mu script, onjezerani `-verify_return_error`. Popanda imeneyi, s_client imamaliza ntchito ngati zonse zili bwino ngakhale yaona cholakwika, ndiye script yanu imakhala ikukutsimikizirani zabodza usiku uliwonse.

Tsopano pomwe pali nkhani yaikulu, unyolo wa ma satifiketi. Bungwe lina laling'ono linandiitana chifukwa ndalama zomwe anthu amalipira pa foni sizinkaoneka mu sisitimu yawo. Webusayiti inkatseguka bwinobwino pa Chrome, popanda chenjezo lililonse, ndipo mnyamata amene anaikonza anali atawatumizira kale chithunzi chosonyeza zimenezo. Koma seva ya kampani yotumiza uthenga wa malipiro inkalephera kulumikizana nawo. Ndinalemba:

`openssl s_client -connect example.com:443 -servername example.com -showcerts </dev/null`

Pansi pa mawu akuti Certificate chain panali satifiketi imodzi yokha, ya nambala 0, ndipo kumapeto kunali nambala 21, `unable to verify the first certificate`. Satifiketi ya webusayiti siisainidwa mwachindunji ndi root, satifiketi yaikulu yodalirika yomwe ili m'kompyuta yanu; pakati pamakhala ina, intermediate, ndipo ndi udindo wa seva kuitumiza. Mu nginx, pulogalamu yoyendetsa webusayitiyo, anali ataloza `cert.pem` m'malo mwa `fullchain.pem`, mafayilo awiri omwe certbot, pulogalamu yotengera ma satifiketi, imaika moyandikana mu `/etc/letsencrypt/live/`. Ma browser ndi achifundo: Chrome imatha kukadzitengera yokha satifiketi yosowayo, Firefox imabwera ndi ma intermediate ambiri kale. Koma curl ndi mapulogalamu ambiri olembedwa mu Python kapena PHP sachita zimenezo, amangokana. N'chifukwa chake browser sindiiwerengera ngati mboni pa nkhani zimenezi. Kusintha mzere umodzi ndi kuchita reload nginx kunathetsa zonse.

Dziwani kuti `-showcerts` imaonetsa zomwe seva yatumiza, mu dongosolo lomwe yatumizira, osati unyolo womwe kompyuta yanu yatsimikiza. Pa satifiketi iliyonse pali mzere wa `s:`, mwini wake, ndi wa `i:`, amene anaisaina. `i:` ya yoyamba iyenera kufanana ndi `s:` ya yachiwiri, n'kumapita choncho. Kuwerenga mizere imeneyi ndi maso kumathandiza kuposa kuloweza manambala, komabe manambala ena ndi bwino kuwadziwa: 18 ndi satifiketi yodzisainira yokha, 19 ndi yodzisainira yomwe ili mkati mwa unyolo, 20 ndi pamene wosainayo sakupezeka m'gulu la odalirika pa kompyuta yanu. Nambala 19 kapena 20 ikamatuluka pa mawebusayiti onse, ngakhale akuluakulu, yang'anani mzere wa `i:`. Kawirikawiri mupeza dzina la firewall kapena antivirus ya muofesi yomwe ikutsegula uthenga pakati n'kusainanso yokha. Ngati bungwe lili ndi CA (yosaina ma satifiketi) yakeyake, kapena mukufuna kuyesa ndi gulu la ma root lomwe pulogalamu ina imagwiritsa ntchito, ipatseni fayiloyo ndi `-CAfile`.

Nambala 10, satifiketi yatha, imaoneka yosavuta koma nayo ili ndi msampha. Onani mzere wa `depth=` womwe uli pamwamba pa cholakwikacho. Pa 30 Sepitembala 2021 root yakale yotchedwa DST Root CA X3 inatha, ndipo makina a OpenSSL 1.0.2 anayamba kukana mawebusayiti okhala ndi ma satifiketi ochokera ku Let's Encrypt, kunena kuti satifiketi yatha pomwe ya webusayitiyo inali yatsopano. Yomwe inatha inali ya kumtunda kwa unyolo, ndipo version yakaleyo inkaumirira kutsata njira yopita ku root yakuthayo m'malo moimira pa ISRG Root X1, root yatsopano ya Let's Encrypt. Amene ankangowerenga nambala 10 ankachita renew mobwerezabwereza osaphula kanthu. Amene anayesa ndi `-trusted_first` anaona msanga kuti vuto lili pa makina ofunsawo.

Nambala 9 nayo kwathu kuno siisowa: `certificate is not yet valid`. Magetsi akathima n'kuyakanso, kompyuta yomwe batire yake ya pa motherboard inafa imadzuka ikuganiza kuti tili zaka zambiri m'mbuyo, ndiye satifiketi iliyonse imaoneka ngati ya m'tsogolo. Raspberry Pi zambiri zilibe n'komwe wotchi yosunga nthawi zikazima, zimadalira NTP, njira yotengera nthawi pa intaneti. Musanakhudze seva, lembani `date`. Mukafuna kutsimikiza kuti vuto ndi wotchi yokha, `-no_check_time` imachotsa nkhani ya nthawi pa mayesowo, ndipo `-attime` imakulolani kufunsa kuti unyolowu udzakhala bwanji pa tsiku lomwe mwasankha.

Ku imelo zinthu zimasiyana pang'ono. Port 465 ya SMTP, 993 ya IMAP ndi 995 ya POP3 zimayamba ndi TLS nthawi yomweyo, ngati 443. Koma 25, 587, 143 ndi 110 zimayamba poyera, kenako n'kupempha kuti zibise uthenga. Mukalumikiza pa 587 popanda kunena zimenezi mudzalandira `wrong version number`, mawu omwe asokoneza anthu ambiri n'kuyamba kusintha ma version a TLS pachabe. Chomwe chachitika n'choti seva yakupatsani moni wa mawu wamba, 220, pomwe s_client imayembekezera TLS. Mankhwala ake:

`openssl s_client -connect mail.example.com:587 -starttls smtp -crlf`

`-starttls` imadziwanso imap, pop3, ftp, xmpp, ldap, ndipo version zatsopano zimadziwa postgres ndi mysql. `-crlf` imamaliza mzere uliwonse mmene ma protocol amenewa amafunira, chifukwa ma seva ena amakana mzere womalizidwa mwa Linux.

Apa pali chinthu chomwe chimandiseketsa mpaka lero. s_client ili ndi ma command akeake mukamalemba pamanja: mzere woyamba ndi Q wamkulu umatseka kulumikizana, woyamba ndi R wamkulu umapempha kuti moni wa TLS uyambirenso. Ndiye munthu akuyesa kutumiza imelo, walemba `MAIL FROM:` zayenda, walemba `RCPT TO:`, pa sikirini patuluka RENEGOTIATING, ndipo pa TLS 1.3, yomwe ilibe zimenezo, kulumikizana kumafera pomwepo. Choipa kwambiri ndi `AUTH LOGIN`, pomwe dzina ndi password zimatumizidwa mu base64. Mawu aliwonse oyamba ndi A, B kapena C wamkulu, mu base64 amayamba ndi Q. Oyamba ndi D, E, F kapena G amayamba ndi R. Password ikakhala yoyamba ndi Blantyre, monga ndikudziwa kuti ena mwa inu zanu zimayambira, s_client ingolemba DONE n'kutuluka, inu n'kumaganiza kuti seva yakukanani. Lembani `rcpt to:` ndi zilembo zazing'ono, kapena bwino kwambiri ikani `-quiet` kapena `-nocommands`, nkhani yatha.

Za ma version ndidutsapo msanga, koma pali msampha umodzi. `-tls1_2` ndi `-tls1_3` zimakakamiza version imodzi. TLS 1.0 ya 1999 ndi TLS 1.1 zinaletsedwa ndi IETF, bungwe lokhazikitsa ma protocol a intaneti, mu Malichi 2021, ndipo ofufuza za chitetezo amakonda kufunsa umboni woti munazitseka. Mulemba `-tls1`, yalephera, mwasangalala. Koma walephera ndani? Pa Ubuntu 22.04, yomwe ili ndi OpenSSL 3.0, mudzaona `no protocols available`, kutanthauza kuti kompyuta yanu yomwe yakana, seva siinafunsidwe n'komwe. Onjezerani `-cipher 'DEFAULT:@SECLEVEL=0'` kuti s_client ivomere kulankhula zakale, ndipo umboni weniweni ndi pamene seva yabweza `alert protocol version`, alert nambala 70. Ma seva ena amabweza 40 kapena kungodula. Mukakayika kuti wayamba kukana ndani, `-msg` imaonetsa uthenga uliwonse ndi kampaliro kosonyeza komwe ukupita. Kumbukiraninso kuti `-cipher` imakhudza TLS 1.2 ndi zakale zokha, ya 1.3 ndi `-ciphersuites`. `-alpn h2` imakuuzani ngati seva ivomera HTTP/2, ndipo `-cert` ndi `-key` n'zoyesera ma API omwe amafuna kuti inunso muonetse satifiketi, monga amachitira ena a mabanki.

Amene muli ndi Mac, lembani kaye `openssl version`. Yomwe imabwera ndi macOS ndi LibreSSL, yomwe a OpenBSD anaipatula ku OpenSSL mu 2014 pambuyo pa vuto lalikulu la chitetezo lotchedwa Heartbleed, ndipo ma option ena omwe ndatchulawa mulibe. Ikani OpenSSL yeniyeni kudzera pa Homebrew musanandilembere kuti ndanama.

s_client payokha siionetsa bwino zonse za mkati mwa satifiketi, choncho ndimaiphatikiza ndi x509:

`timeout 10 openssl s_client -connect example.com:443 -servername example.com </dev/null 2>/dev/null | openssl x509 -noout -dates -issuer -ext subjectAltName`

`timeout` ilipo chifukwa firewall ikamangomeza uthenga osayankha, s_client imatha kudikira nthawi yaitali. Mukasintha mbali yomaliza kukhala `-noout -checkend 1209600`, imakuuzani ngati satifiketi ithe m'masabata awiri akubwerawa, ndipo imeneyi ndi yomwe ndinaika mu cron, yomwe imayendetsa ma command pa nthawi yoikika, pa ma seva onse omwe ndimayang'anira. Yafunika kwambiri tsopano. Let's Encrypt, yomwe ma satifiketi ake amakhala masiku 90, inasiya kutumiza maimelo okumbutsa mu Juni 2025, ndipo CA/Browser Forum, gulu la osaina ma satifiketi ndi opanga ma browser, inagwirizana mu 2025 kuti moyo wa ma satifiketi onse a pa intaneti uchepe pang'onopang'ono, kuchoka pa masiku 398 kufika pa 47 pofika Malichi 2029. Amene munazolowera kugula ya chaka n'kuiwala, konzekani.

Wina adzafunsa kuti bwanji osangoyang'ana fayilo ya pa disk. Chifukwa certbot imatha kutenga satifiketi yatsopano bwinobwino, nginx n'kuchita reload, koma pulogalamu ya imelo, Postfix kapena Dovecot, n'kutsala ikulozabe kope lakale lomwe winawake anakopera ku foda ina, kapena ikugwiritsabe yomwe inawerenga pomwe inkayamba. Fayilo ikuti zonse zili bwino, port 993 ikupereka yakutha. Choncho cron yanga imayesa port iliyonse payokha, 443, 587 ndi 993, ndipo imayendera pa makina ena a kunja kwa netiweki ya sevayo.